Kumtunda mapampu akulira, kumunsi mtsinje wauma: madziwa agawidwe bwanji?

Amake Dalitso: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo ndiye ndati ndifunse kuno poti muli anthu odziwa zinthu. Tili ndi kadimba kuja ku Chongwe, kummawa kwa Lusaka, pa kamtsinje kamene kamathira mu mtsinje wa Chongwe, timalima repu, tomato, impwa ndi anyezi, zina timabweretsa ku msika wa Soweto kuno ku Lusaka zina timadya pakhomo. Manje kumtunda kwathu kunabwera munthu anagula famu, wakumba chidzenje chachikulu ndi makina pakati pa mtsinje, waika matumba a mchenga kutchinga, ndipo mapampu awiri akulira kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa. Kuchokera Ogasiti ife a kumunsi tikuchita kufukula mumchenga kuti tipeze odzaza kheni imodzi, tomato wayamba kuyoyoka maluwa. Kodi munthu akagula malo ndiye kuti wagula ndi mtsinje womwe?

Mabvuto: Pepani amayi. Zimenezo zafala kwambiri mbali imeneyo, aliyense wokhala ndi kandalama akugula pampu

A Mbewe: Ayi amake Dalitso, sanagule mtsinje. Pepala la malo ndi la nthaka basi. Lamulo la madzi la 2011, lomwe linakhazikitsa WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi mu Zambia, limati madzi onse a mdziko muno ali mmanja mwa pulezidenti mmalo mwa anthu onse, kaya ndi a mumtsinje kaya ndi a pansi pa nthaka. Kutunga akumwa, ophikira, ochapira, omwetsa ziweto zapakhomo sikufuna chilolezo. Koma kutchinga mtsinje, kupatutsa madzi kapena kupopa othirira mbewu za malonda kumafuna pemiti, ndipo pemitiyo imanena kuchuluka kwa madzi amene munthu angatenge. Ndiye funso loyamba ndi lakuti pemiti ali nayo? Lachiwiri, ngati ali nayo, imamulola kutseka mtsinje wonse? Chifukwa lamulo lomwelo limati pazitsala madzi a anthu a kumunsi ndi a mtsinje weniweniwo kuti usafe.

Amake Dalitso: Sitinamufunse a Mbewe, mwini wake sakhalako, pali anyamata a ntchito chabe ndipo iwo amangoti abwana anati tizithirira

Naphiri wa ku Mtendere: Pitani kwa a mfumu kaye amake. Nkhani ya madzi kumudzi imayambira kwa a nduna. Mukathamangira ku ofesi musanauze a mfumu mudzaoneka ngati mwawadumpha ndipo tsiku lomwe mudzawafune adzakukumbutsani

A Mbewe: Zoona mayi Phiri, ayambire kwa a mfumu, koma asathere pomwepo. A mfumu angathe kuitana munthuyo kudzakamba koma sangathe kumulanda pemiti kapena kumulamula kugumula chotchingacho mwalamulo. Chitani zonse ziwiri. Lembani kalata nonse a kumunsi, aliyense asaine, mulembe kuti ndinu mabanja angati, madimba angati, madzi anasiya kufika liti, jambulani zithunzi za matumbawo ndi za mchenga umene mukufukulawo. Kopi ina kwa a mfumu, ina kwa khansala, ina ku WARMA. Munthu mmodzi akadandaula amati ndi nsanje, koma mudzi wonse ukalemba nkhani imasintha.

Kondwani: Ine ndifunseko mbali ina, musandikwiyire. Munthu uyu mwina watenga loni, walemba anyamata ntchito, akulima chakudya chomwe tonse tigula mu tauni muno. Si boma lomwe lija linatiuza pambuyo pa chilala cha 2024 kuti tisiye kudalira mvula tiyambe kuthirira? Manje wina wamvera, wagula pampu, ndiye tikumuona ngati wakuba?

Naphiri wa ku Mtendere: Kondwani mwana wanga, nawo amake Dalitso akuthirira. Kheni nayonso ndi ulimi wothirira. Kapena kuthirira kumawerengedwa pokhapokha pali injini?

Kondwani: Ayi amayi sindinatero, ndikungoti tisadane ndi anthu amene akuika ndalama mu ulimi

A Daka: Ndilowererepo. Kondwani wakhudza pomwe pali bala. Pa 29 Febuluwale 2024 pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapsa mwa mahekitala 2.2 miliyoni omwe anabzalidwa, maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Kuchokera pamenepo nyimbo yakhala imodzi, thirirani thirirani, chimanga cha mchilimwe, ngakhale asilikali a Zambia National Service (ZNS) analowa mminda. Ine sinditsutsa, mvula yathu sitingaikhulupirirenso ngati kale. Koma mawu akuti thirirani ali ndi mnzake yemwe sakutchulidwa, gawanani. Mukauza anthu onse a mumtsinje umodzi kuti agule mapampu osawauza kuti aliyense atenge angati ndipo nthawi yanji, amene ali kumtunda ndi amene ali ndi paipi yaikulu ndiye adzamwa, otsalawo adzaona mchenga. Sikuti munthuyo ndi woipa mtima kwenikweni, palibe amene anamuikira malire, ndipo iye kuchokera pa famu pake saona dimba la amake Dalitso.

Tisa: Koma a Daka si amati Zambia ili ndi 40% ya madzi onse a kummwera kwa Africa? Timamva pa wailesi daily. Nanga tikulimbirana chani

A Daka: Nambala imeneyo andale amaikonda. Kaya ndi yoona ndendende kaya ayi, funsani kuti madziwo ali kuti ndipo alipo mwezi wanji. Ali ku Luapula, ku Bangweulu, ku Chambeshi, ku North-Western komwe mvula imapitirira mamilimita 1,000 pachaka. Koma minda ikuluikulu, mafakitale ndi anthu ambiri tili kuno ku Lusaka, Central ndi Southern komwe mvula ndi yochepa. Ndipo mvula yonseyo imagwa Novembala mpaka Malichi, kuthirira kumafunika Ogasiti mpaka Okutobala pomwe timitsinje tili pa mapeto. Madzi a mu Bangweulu a mwezi wa Febuluwale sathandiza tomato wa ku Chongwe mu Okutobala. Amatinso tili ndi malo oti nkuthirira okwana mahekitala 2.75 miliyoni koma omwe akuthiriridwa sakufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo ambiri mwa amenewo ndi nzimbe za ku Mazabuka ndi tirigu wa mapivoti, makina aakulu othirira mozungulira, a ku Mkushi ndi Chisamba.

Mabvuto: Pa Chongwe pomwepo tauni yeniyeniyo imakhala pa mavuto zaka zambiri ikafika Seputembala, damu lija la pa mtsinje limaphwa mpaka madzi kuchita kubwera ndi mabauza, magalimoto onyamula madzi aja. Ndiye ngati tauni yonse ingasowe madzi chifukwa cha zochitika kumtunda, kuli bwanji mayi wa kheni

Nyamazao: Ndipo tisaiwale kuti madzi ambiri amene amayenda mu Chongwe nthawi yotentha ndi ochokera mu mtsinje wa Ngwerere, ndiye kuti ndi madzi athu omwe a mu Lusaka ochoka mu ngalande ndi ku ma sewage. Anthu akuthirira nawo repu yemwe timagula tonse. Sindikuwanyoza, alibe ena. Koma zikuonetsa pomwe tafika, kuti ngakhale madzi oipa anthu akulimbirana

Kondwani: Ok ndamva. Koma kugawana kwake kungachitike bwanji pa kamtsinje kakang'ono? WARMA singaike munthu pa mtsinje uliwonse

A Chisale: Ndiyankheko poti kwathu ku Malawi ndinakulira pafupi ndi sikimu ya mpunga ku Zomba. Kumeneko boma silikhala pa ngalande, alimi eni ake ali ndi bungwe lawo la ogwiritsa ntchito madzi. Pali komiti, pali munthu wotsegula ndi kutseka mageti, pali masiku, buloko iyi Lolemba ndi Lachinayi, iyo Lachiwiri ndi Lachisanu. Aliyense amasonkha kandalama pa sizoni kokonzera ngalande ndipo tsiku lochotsa matope ukajomba umalipira. Wotsegula geti usiku mwakuba amalipitsidwa pamaso pa anthu. Chomwe ndinaona nchakuti madzi akakhala ambiri palibe amene amasamala za komiti, koma akachepa mpamene umaona ngati komitiyo ili ndi mano. Ndipo ndewu nthawi zonse imakhala yomweyo, a kumutu kwa ngalande ndi a kumchira. Sikimu yanzeru imaika anthu a kumchira mu komiti, mwinanso wapampando amene, chifukwa iye madzi akapanda kufika kwake aliyense adziwa tsiku lomwelo. Mukaika wa kumutu adzakuuzani kuti zonse zili bwino mpaka mpunga wa anzake utauma.

A Mbewe: Zimenezo zilimonso mu lamulo lathu a Chisale, limalola ma water users association, mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, komanso makhonsolo a zigwa za mitsinje. Dziko linagawidwa zigwa 6, Zambezi, Kafue, Luangwa, Chambeshi, Luapula ndi Tanganyika. Papepala zinakonzedwa bwino. Chofunika nchakuti anthu pa mtsinje wawo ayambe okha osadikira kuti wina abwere ndi galimoto kudzawayambitsira. Amake Dalitso, mu kalata yanu ija musangopempha kuti matumba achotsedwe, pemphaninso msonkhano wa onse otunga pa mtsinjewo, wa famu akhalepo, mupangane masiku kapena maola. Mwachitsanzo iye apope usiku ndi mmamawa, masana madzi adutse. Ndipo ngati ali ndi ndalama ya makina okumbira, akumbe damu pambali pa mtsinje mmunda mwake, alidzaze nthawi ya mvula pomwe madzi akungopita ku Zambezi, osati kutchinga mu Seputembala.

Amake Dalitso: Zikomo a Mbewe, izi za damu la pambali sindinaziganize. Ndikambirana ndi anzanga Loweruka tikakumana ku chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama, ambiri ndi azimayi omwe tili nawo mumtsinjemo

A Chisale: Ku Pakistan ndi kumpoto kwa India ali ndi njira yakalekale yotchedwa warabandi, mlimi aliyense ali ndi maola ake pa sabata molingana ndi kukula kwa munda wake, ndipo aliyense amadziwa ola la mnzake. Ubwino wake ngwakuti sufuna mita kapena kompyuta, wotchi chabe ndi anthu oonerera

Tisa: Ine chomwe chimandidabwitsa ndi kuchuluka kwa madzi omwe munda umamwa. Tinaika drip, timapaipi todontheza madzi pa mbewu, pa kaplot ka amalume ku Lusaka West, thanki ya malita 5,000 timaiona ngati yaikulu koma imatha ngati palibe

A Daka: Tisa werengera wekha. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Lima imodzi ndi kota ya hekitala, ndiye milimita imodzi pa lima ndi malita 2,500. Tomato wamkulu nthawi yotentha amafuna mamilimita 5 kapena kupitirira patsiku, ndiye kuti lima imodzi yokha ikumwa malita 12,500 tsiku lililonse, mathanki ako awiri ndi theka. Manje ganiza munthu wa mahekitala 5, ndi malita 250,000 patsiku, kuchokera mu kamtsinje komwe mwana angadumphe. Ndi chifukwa chake ndimati aliyense asanagule pampu ayambe wayeza madzi omwe ali nawo mu Okutobala, osati mu Epulo. Tenga ndowa ya malita 20, ika pa paipi, ona masekondi angati kuti idzaze, uwerengere pa ola. Anthu ambiri amagula pampu kaye, kubzala munda waukulu, kenako mpamene amazindikira kuti madzi sakwana ndiye amayamba kutchinga mtsinje kuti apulumutse loni.

Nyamazao: Drip imathandiza koma, madzi amapita pa tsinde penipeni osati kusefukira mu mizere

A Daka: Imathandiza kwa mwini munda. Koma zaoneka mmaiko ambiri kuti munthu akapulumutsa theka la madzi ndi drip sawasiya mumtsinje, amakulitsa munda kawiri. Ndipo madzi aja ankaoneka ngati akutayika mu mizere ena ankalowa pansi nkubwerera mumtsinje kwa a kumunsi. Ndiye drip popanda malire a madzi omwe munthu angatenge, wa kumunsi sapindula kanthu, nthawi zina amaluza kumene.

Mabvuto: Nkhani yomweyi ili pa Kafue, kungoti kumeneko olimbirana ndi akuluakulu. Mtsinje umodzi, damu la Itezhi-Tezhi limasunga madzi ndi kupanga magetsi, pansi pake pali Kafue Flats pomwe a Ila ndi a Tonga amadyetsa ng'ombe madzi akaphwa ndi asodzi akupha nsomba, kenako esiteti ya Nakambala ku Mazabuka ikupopa a nzimbe, kenako ku Iolanda akupopa omwe timamwa mu Lusaka, kenako malo opangira magetsi a Kafue Gorge, yakumtunda 990 MW ndi yakumunsi 750 MW. Madzi alionse omwe apita mu nzimbe kapena mu pivoti sadutsa mu makina opangira magetsi. Ndiye tikamati tikulitse kuthirira mu Kafue tidziwe kuti tikukambanso za malaiti

Kondwani: Ndipo malaiti akapita pampu siyenda, 2024 ija mpaka maola 21 patsiku opanda magetsi, alimi a tirigu analira

Mabvuto: Eya. Chaka chimenecho Zambezi River Authority inapereka ma cubic metre 16 biliyoni okha opangira magetsi pa Kariba, theka ZESCO, kampani yathu ya magetsi, theka a ku Zimbabwe. Koma onani, pa Kariba pali bungwe lomwe limayeza madzi, kulengeza nambala poyera, ndi kuuza maiko awiri kuti malire anu ndi awa. Zinatipweteka koma aliyense anadziwa gawo lake. Pa timitsinje ta ku Chongwe palibe amene akudziwa kuti mukuyenda madzi angati ndipo akutengedwa angati

Naphiri wa ku Mtendere: Ndipo pa Kafue musaiwale za Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka asidi nkulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba kufa, minda ya mmbali kupsa, Kitwe kutsekeredwa madzi. Munthu wothira poizoni nayenso watenga madzi a anzake, ngakhale sanapope ndi dontho lomwe

A Chisale: Mawu amenewo ndi oona mayi

Tisa: Nanga madamu omwe anamangidwa kale ngati Mwomboshi ku Chisamba? Ndimamva kuti ndi lalikulu

A Mbewe: Linamangidwa ndi ndalama za World Bank mu pulojekiti yomwe inalinso ndi Lusitu ndi Musakashi. Damu ndi gawo losavuta, makontilakita amadziwa kumanga. Chovuta chimabwera pambuyo, mapaipi ofika mminda, ndani alipira magetsi a pampu, ndani akonza ikaonongeka, malo agawidwa bwanji, mbewu zigulitsidwa kuti. Ine ndikanakonda ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha mmadera a aphungu, zomwe mu 2024 zinali K30.6 miliyoni pa constituency, zina zizipita ku timadamu ting'onoting'ono ndi kuchotsa matope mu madamu akale omwe ali mbwee ku Eastern ndi Southern, koma pasanaikidwe simenti pakhale kaye komiti ndi malamulo olembedwa a kagawidwe. Kwathu ku Katete kuli madamu omwe anadzaza mchenga chifukwa anthu analima mpaka mmphepete ndipo panalibe woletsa.

A Chisale: Ku Malawi tikuyang'ana Shire Valley, ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira yoti idzathirire mahekitala opitirira 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Funso ndi lomwelo, Shire yemweyo ndiye amatipatsa magetsi

Nyamazao: Koma abale tikuloza a kumafamu, nanga ife a mu tauni? Yendani ku Chalala, Ibex, Meanwood, Silverest, nyumba iliyonse borehole yake, plot 20 by 30 borehole pakona septic pakona ina. Madzi a pansi pa Lusaka ndi amodzi, mwala wake ndi wa mabowo ngati siponji, zomwe wathira uku zimatulukira uko. Ndi chifukwa chake komboni ya Kanyama imavutika ndi kolera pa zitsime zosaya, 2017 mpaka 2018, kenako 2023 mpaka 2024 pomwe Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo anthu opitirira 700 anamwalira mdziko muno. Ndipo malo omwe madzi amalowera pansi tikumangapo, nkhalango ya Forest 27 ija yomwe imadyetsa mtsinje wa Chalimbana tonse tinaona momwe inadulidwira maplot. Kenako timadabwa kuti borehole yomwe inkapereka madzi pa mamita 40 manje yauma

A Mbewe: Malamulo a 2018 amati borehole iliyonse ilembetsedwe ku WARMA, wokumba akhale ndi laisensi, ndipo pakhale mamita 30 pakati pa borehole ndi septic kapena chimbudzi. A pakhomo osapitirira malita 10,000 patsiku salipira za madziwo. Pa plot ya 20 by 30 mamita 30 amenewo muwapeza kuti, poti septic ya neba nayo ili pa mpanda pomwepo

Kondwani: Apa ndiye ndikana ine. Munthu wakumba ndi ndalama zake chifukwa mapaipi sanafike kudera kwake, wagula pampu, thanki, sola, palibe amene anamuthandiza, ndiye abwere wina kudzamuikira mita? Anthu anakwiya 2018 ndipo anali ndi chifukwa

Nyamazao: Dzenje ndi lako Kondwani koma madzi si ako, ndi zomwe a Mbewe anena kumayambiriro kuja. Sizingakhale zoona ku Chongwe chabe nkukhala zabodza ku Chalala

A Daka: Ine mita ya pa nyumba ya banja sindiilimbikira, banja silimwa madzi oopsa. Koma pali ma lodge, ma car wash, ogulitsa madzi a mmabotolo, oumba mabuloko, ndi ife a timafamu ta ku Lusaka West ndi Makeni amene taika sola. Sola ndi yabwino, inatipulumutsa nthawi ya load shedding, koma ili ndi vuto limodzi, kale dizilo ikadula munthu ankazimitsa pampu, manje dzuwa ndi laulere pampu imayenda tsiku lonse thanki kusefukira palibe amene akumva kuwawa. Ku Punjab ku India boma linapatsa alimi magetsi aulere opopera, madzi a pansi akhala akutsika chaka ndi chaka mpaka alimi ang'onoang'ono kulephera kukumba mozama motsatira. Amene amayamba kuuma ndi wa chitsime chosaya, wolemera amangoitana makina kuonjezera mamita.

Kondwani: Ngati ndi a malonda okha ndingavomere. Koma ndalama za mita zimenezo zizioneka komwe zikupita, aziyeza madzi a pansi nkutiuza chaka chilichonse kuti ku Lusaka West atsika mamita angati, ku Chalala angati, ngati momwe amalengezera za Kariba sabata iliyonse. Osati kungotolera

A Daka: Pamenepo tagwirizana. Koma malire a wa malonda ndi wa pakhomo ndi ovuta kuposa momwe ukuganizira. Kaplot ka amalume ake a Tisa ngati kafika lima imodzi ya tomato kadutsa kale malita 10,000 aja mu Okutobala, ndipo iwo amadziona ngati a pakhomo

Tisa: Ndi hafu lima a Daka, koma amafuna kuonjezera chaka chamawa. Ndiwauza ayambe ayeza ndi ndowa ija. Borehole yake kulembetsa sindikudziwa ngati okumba analembetsa, tingaone bwanji a Mbewe?

A Mbewe: Afunseni okumbawo pepala lomwe anapereka atamaliza, limakhala ndi kuzama kwake, pomwe anapeza madzi ndi malita pa sekondi. Ngati palibe, apite nazo ku ofesi ya WARMA ndi nambala ya plot akafunse ngati ili mu kaundula, ikapanda kupezeka alembetse. Ndipo poti ndi Lusaka West atengeko madzi mu botolo loyera akayezetse ku labu asanayambe kumwa, makamaka mvula yoyamba ikagwa.